Kondowole Wofiira

Anthu amene tinkakhala kumunsi kwa Chibanja tikakumana pa ukwati kapena kuchipatala, sititchula chaka ndi nambala. Timangoti chaka cha kondowole wofiira, ndipo aliyense amadziwa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene khadi la chipani linkakhala pa mfundo ya chitenje usana ndi usiku. Njala inalipo chaka chimenecho, koma dzina lake linali loletsedwa. Tinkangoti zinthu zavutako pang'ono, kwinaku m'mimba mukulira.

Novembala

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mzuzu ndinabwera potsatira bambo a ana anga, amene ankagwira ntchito yokonza misewu. Chaka chimenecho gulu lawo linali kumsasa cha ku Rumphi, ndipo kunyumba ankabwera pakutha pa mwezi, mwezi wina osaoneka n'komwe. Pakhomo ndinali ndi ana awiri. Esinati anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma miyendo yake inapuwala ndi poliyo ali wamng'ono, moti ankayenda ndi ndodo pamalo ouma pokha. Wachiwiri anali Yohane, wakhanda wa kubere. Ana awiri osathamanga, msana umodzi. Zimenezo muzisunge, chifukwa ine sindinaziiwale ngakhale tsiku limodzi.

Nyumba zathu zinali m'dambo, m'mbali mwa mtsinje. Kale malowo anali madzi okhaokha, mpaka pamene anthu anaunjika khoma la dothi pa ntchito yodzithandiza, lalitali kuposa munthu, kuti mtsinje uziyenda kwake. Kuseri kwa khomalo kunauma, anthu n'kumanga, n'kulima. Amene anatsogolera ntchitoyo anali a Gondwe, tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani. Pa tsiku lotsegulira kunabwera akuluakulu, amayi anavina mpaka fumbi, ndipo kuyambira pamenepo a Gondwe ankalikonda khomalo ngati mwana wawo woyamba.

Mvula itagwa tinabzala chimanga m'kamunda ka kuseri kwa nyumba. Nkhokwe inali itayera kale, chifukwa chaka cham'mbuyo mbewu sizinachite bwino. Tinabzala tili ndi njala, tikuyang'ana kumwamba.

Januwale

Walira mvula walira matope. Inagwa mosalekeza, yamawawa ija ya ku Mzuzu imene imalowa mpaka m'mafupa. Kudepoti ya chimanga mzere unkayamba kusanache, ndipo ukafika kutsogolo ankakuthira kakang'ono koti sikafika Lamlungu. Kumsika mtengo wa chitini unkakwera ukali pomwepo ukunenerera. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati malole a chimanga atitimira m'matope ku Chikangawa, ena ankati chimanga chilipo koma chikudikira tsiku la mwambo. Zonsezo tinkanong'onezana pa mtondo.

Amene anatipulumutsa anali aNyaManda, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga. Kwawo kunali ku Nkhata Bay, ndipo abale awo ankawatumizira chinangwa chachiwisi pa lole. Chinangwa chowawa sichidyedwa chisanaviikidwe. Umachisenda, n'kuchimiza m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako n'kuyanika, n'kusinja, ndiye ufa wa kondowole umenewo. Kwawo kunyanja amaviika m'maenje a m'mphepete mwa madzi. Kuno mtsinje unali kuseri kwa khoma, wothamanga, komanso wa akuba. Koma aNyaManda anaona kuti m'tsinde mwa khoma, mbali yathu, munkatuluka timadzi toyera bwino. Anakumba dzenje, linadzadza lokha.

Ine ndinali ndi matama. Ndinkati fungo la chinangwa choviika lingathamangitse ndi ntchentche zomwe.

"Anyina Esinati," ankatero aNyaManda akuseka, "mphuno ikana, koma mimba izamupempha. Bwerani muzisenda, mugawireko ŵana."

Ndinapita, ndinasenda, ndinadya, ndipo ndinasiya kunyoza. Pofika kumapeto kwa mwezi, banja lililonse linali ndi dzenje lake m'tsinde mwa khoma, a kunyanja ndi ife ophunzira tomwe. Akazi a tcheyamani anakumba maenje awiri. Madzi akachepa, tinkakumba cholowera mkati mwa khoma kuti abwere ambiri. A Gondwe anafika ponena pa msonkhano kuti taonani chitukuko, chikutiteteza komanso chikutipatsa madzi. Tinawomba m'manja.

Febuluwale

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanawombe. A Mhone anali mmisiri womanga nyumba, munthu wofatsa, wa ana asanu. Pa msonkhano wa nthambi anakweza dzanja.

"A tcheyamani, yewo. Ine sindikunyoza yayi. Koma khoma likutuluka thukuta chomene, ndipo maenje aŵa akulidya kunsi. Ndimati tipangane chabe. Madzi akabwera tithawire kuti, tidziwitsane ndi chiyani, ndani anyamule okalamba na ŵana. Basi."

Funso limenelo ndi limene linkandisowetsa tulo. Ndinatsala pang'ono kuimirira. A Gondwe anatembenukira kwa a Mhone.

"Ndiye mukuti chitukuko chigwa?"

"Yayi, adada, ndikuti..."

"Mukuti akuluakulu amene anabwera kuzatsegula khoma ili analibe maso? Amene akukonzeka kuthawa ndiye kuti akudziwa kanthu. Mutiuze amene wakutumani."

Patapita masiku ochepa kunabwera galimoto, a Mhone n'kukwezedwa. Anabwerako chimanga chitamasula ngaiyaye, atametedwa mpala, ndipo ukawapatsa moni ankayankha ndi mutu wokha. Kuyambira pamenepo mawu akuti madzi osefukira anapita kumene kunapita mawu akuti njala. Kukwirira maenje sitikanatha, chifukwa ndimo munali chakudya chathu. Kunena sitikanatha. Kusamuka sitikanatha, chifukwa wosamuka ndiye wofalitsa mphekesera. Tinkangogona, mtsinje ukulira kuseri kwa khoma, pamwamba kuposa mitu yathu.

Malichi

Ndinali ndi mbale mmodzi mu Mzuzu monse, achimwene anga a Dikisoni, kalaliki pa ofesi ina ya boma. Nyumba yawo inali kumtunda, pafupi ndi golosale ya Che Amidu, kumene madzi sangafike ngakhale kumwamba kutang'ambika. Ndinaganiza kuti Esinati akakhala kumeneko, ine ndi Yohane kumsana ndingathamange. Ndinamubereka tsiku Loweruka, n'kukamusiya. Alamu anga sanakondwe ndi pakamwa pena powonjezera m'nyengo ngati imeneyo, koma sanakane.

Vuto linali lakuti Esinati ankadziwika. Tsiku lililonse ankakhala pakhonde akuluka timphasa ta mlaza, n'kumapatsa moni aliyense wodutsa. Khonde litakhala lopanda munthu, aliyense anaona. Lolemba a Gondwe anaima pakhomo.

"Monire, anyina Esinati. Mwana wathu wa pakhonde ali kuti?"

"Wapita kukacheza kwa amalume ake."

"Kucheza ndi kwabwino chomene. Koma ŵanthu akuyankhula. Akuti mwayamba kusamutsa ŵana. Amuna anu ali pa ntchito ya boma, achimwene anunso. Ine sindikufuna kuti dzina lawo limveke molakwika."

Sanathere pa ine. Anakwera mpaka kuofesi kwa achimwene. Madzulo ake ndinaona achimwene akutsika njira, atavala taye, Esinati ali kumsana kwawo, ndodo zake zili m'khwapa. Anamukhazika pakhonde osandiyang'ana.

"Mlongo, please, undimvetse. Ndili ndi ana inenso. Khomalo laima zaka zonsezi, ligwe lero chifukwa chiyani?"

"Achimwene, madzi akabwera ndinyamule uti? Sankhani inu, poti ndinu ophunzira."

Anapukuta nsapato pa udzu, n'kubwerera kumtunda. Ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindibisa kuti mkwiyo umenewo unandithandiza pa zimene ndinachita pambuyo pake.

Epulo

Kwina mvula imatha mu Epulo, koma ku Mzuzu ndi pamene imakwiya. Inagwa sabata yathunthu. Chimanga chinali chitakhwima pang'ono, tikuotchako chachiwisi, koma chakudya chenicheni chinali chikadali cha m'maenje.

M'mawa wina tinapita ndi aNyaManda kukavuula chinangwa. Madzi a m'dzenje, amene nthawi zonse ankakhala oyera, anali ofiira ngati dothi la katondo. Chinangwa chomwe chinali chitafiira. Tinayang'ana dzenje lina, chimodzimodzi. Pa dzenje la akazi a tcheyamani madzi ankabwatuka pansi ngati phala, akutulutsa dothi. Sitinafunike mmisiri kuti atiuze. Dothi limenelo linkachokera mkati mwa khoma.

Tinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinati tikuwe, anthu athawe.

"Mukuwe kuti vichi?" anatero aNyaManda. "Likapanda kugwa lero, mawa galimoto izabwera kwa inu. Esinati azamusunga ndani?" Analavula. "Dziko ili, mama. Munthu kunyamula mphasa, mphika na ŵana kukwera kumtunda, osafunsidwa, ni kumaliro pera."

Ankangodandaula, koma ine mawuwo anandilowa. Kumaliro sakaniza munthu. Amayi amanyamula miphika, ufa, nkhuni ndi zofunda, amuna amabwera onse, ndipo tcheyamani amayenera kukhalapo kuti ayankhule. Komanso anthu a kutali ngati ife, uthenga wa imfa ukabwera kuchokera kumudzi, anthu amasonkhana kunyumba ya wamkulu pa abalewo. Wamkulu anali achimwene, ndipo nyumba yawo inali kumtunda. Chinkasowa ndi womwalira yekha. Bambo athu anali atamwalira kale. Otsala amene imfa yawo ikanadzadza bwalo la achimwene anali amayi.

Nditawauza aNyaManda, anagwira pakamwa.

"Yayi, anyina Esinati! Kulira munthu wamoyo ni kumuitanira nyifwa. Anyoko ŵakukubaba, amayi ako enieni?"

"Ndikudziwa. Kwathunso ndi malodza. Inu mundinyamulire Esinati, ndipo muuze amayi onse abwere ndi ana."

Ndinabereka Yohane, n'kuyamba kukwera m'mvula. Ndinkaona amayi ali pakhomo pawo ku Ntcheu akupeta nyemba, osadziwa kuti mwana wawo wamkazi akupita kukawaika m'manda ndi pakamwa. Nditafika pa golosale ya Che Amidu ndinaika manja kumutu, n'kuyamba. "Mayi ine! Mayi wanga ine!" Ndinkaopa kuti misozi ikana, koma inabwera yambiri, ya miyezi yonse ija. Che Amidu anatseka golosale pomwepo, n'kutuma munthu kuofesi.

Achimwene anabwera akuthamanga, taye ili paphewa.

"Wamva kwa ndani?"

"Dalaivala wa lole wa kwathu. Ndakumana naye kumsika. Akuti dzana."

Sanafunsenso. Anakhala pansi m'matope ndi buluku la kuofesi, n'kulira ngati kamwana. Iwo ndiwo anali okondedwa a amayi. Pamenepo mtima unandipweteka zedi, ndipo ndinatsala pang'ono kuulula. Koma nditacheuka ndinaona mzere wa anthu ukukwera kuchokera kudambo, miphika pamutu, mphasa m'khwapa, ana kumbuyo, ndipo patsogolo panali aNyaManda atabereka Esinati. Ndinatseka pakamwa, n'kupitiriza kulira.

ANyaManda anali atayenda khomo ndi khomo. Kwa amuna ankati kwagwa maliro. Kwa amayi ankawonjeza kuti kondowole wafiira, musasiye mwana. Amayi ambiri anamva zimene sizinanenedwe, ndipo ndinaona ena atanyamula zofunda zambiri kuposa za usiku umodzi. Akazi a tcheyamani anabwera ndi ana awo onse ndi nkhuku ziwiri m'dengu. Pondipepesa anandifinya dzanja. A Mhone anabwera ndi banja lawo, n'kukhala kumapeto. Nyumba inadzadza, khonde la Che Amidu linadzadza, ena anagona m'kalasi ya sukulu yapafupi. Tinachezera nyimbo.

Kutacha, mvula inali italeka. Kunatuluka kadzuwa. Ndinasuzumira kumunsi, khoma lili chiimire.

Achimwene anali atakonzeka kale. Anati iwo atsogole pa basi ya m'mawa, ine ndidikire amuna anga. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, maso awo atatupa, ndipo sindinanene kanthu. Ndikanati ndinene, anthu onse akanatsika nthawi yomweyo. Pobwerera ndinapemphera pemphero limene sindinalimvepo kutchalitchi kulikonse. Ndinapempha Mulungu kuti khoma ligwe msanga, nyumba yanga ndi chimanga changa zipite, anthu asanatsike.

Amayi anayamba kupinda mphasa. Amuna ankati akaone ziweto. A Gondwe anaimirira kuti athokoze anthu ndi kuwabalalitsa. Mwayi wathu unali wakuti munthuyo akayamba kuyankhula sankadziwa pomalizira. Anathokoza boma, anathokoza chipani, anafotokoza ubwino wa amayi anga amene sanawaonepo, anakumbutsa za makhadi. Ine mumtima ndinkati pitirizani, adada, musaleke. Anali atafika pa nkhani ya umodzi pamene agalu a kumunsi anayamba kuuwa onse pamodzi.

Sikunamveke phokoso lalikulu. Kunangomveka ngati lole ikukhuthula mchenga. Titayang'ana, pakati pa khoma, pamene panali maenje ambiri, panali patatseguka, ndipo madzi ofiira ankalowa m'dambo. Anadutsa m'chimanga, n'kufika m'nyumba. Nyumba zathu zinali za zidina, njerwa zosawotcha, ndipo zinkangokhala pansi imodzi imodzi, madenga n'kuyandama. Yanga ndinaiona bwinobwino. Madzi anayamba ndi khonde.

Palibe amene anakuwa. Amayi ankangogwira mitu ya ana awo. A Gondwe anaima kukamwa kuli yasa, maso akuyenda pa ana awo mmodzi mmodzi. Esinati anali pamiyendo ya aNyaManda, ndipo anandikoka chitenje.

"Amayi, ndodo zanga zatsala pakhonde."

Ndinamunyamula, Yohane ali kumsana, iye kutsogolo, n'kukhala nawo pansi. Apo ndiye ndinalira kulira kwanga kwenikweni, ndipo anthu ankati ndikulira amayi.

Meyi

Tinakhala m'makalasi ndi m'tchalitchi. Chimanga cha m'dambo chinapita chonse, kutatsala pang'ono kukolola. Palibe munthu amene anafa, ngakhale mmodzi. Akuluakulu anabwera, n'kunena kuti inali mvula yachilendo, ndipo tinauzidwa kuti khoma limangidwanso pa ntchito yodzithandiza. Tinasenza dothi ife tomwe. Za maenje palibe anatchula, komanso palibe anakumbanso.

Achimwene anabwerako patatha sabata ndi masiku. Anandipeza kuseri kwa kalasi ndikuchapa matewera.

"Amayi ali bwino," anatero. "Ndinalowa m'mudzi ndikulira ngati wamisala. Anthu anatuluka m'nyumba. Amayi atandiona anaganiza kuti wafa ndiwe, anakomoka pabwalo. Ukudziwa zimene wandichita?"

"Ndikudziwa. Mukanamusunga mwana wanga, sindikanafuna bwalo lanu."

"Wandisandutsa choseketsa kumudzi ndi kuno komwe. Ndipo waika imfa pamutu pa amayi."

Ndinawalozera dambo, pamene panali nyumba yanga. Anayang'ana, anayang'ananso Esinati amene ankakwawa pa simenti chifukwa ndodo zatsopano zinali zisanapezeke, n'kuchoka. Mpaka lero sindinawapepese, ndipo iwonso sanandipepese.

Julayi

Kumtunda anthu anakolola, mitengo inatsika, ndipo amuna anga anayamba kuumba zidina pa kamalo kamene Che Amidu anatibwereka kuseri kwa golosale. M'mwezi wozizira umenewo amayi anatsika basi ndi matumba awiri a chimanga cha kwathu.

Tangoganizani. Mayi amene dera lonse linamulira, n'kumuimbira nyimbo usiku wonse, akuyenda pamsewu ndi mpango wake wabuluu. Ana anathawa. Akuluakulu anabwera kudzapereka moni mmodzi mmodzi, nkhope zili zowongoka ngati palibe chachilendo. A Gondwe nawo anabwera. Ndinkadikira galimoto kuyambira tsiku limene achimwene anabwerako, ndipo ndinati lero ndi lero. Anavula chipewa, n'kugwira dzanja la amayi ndi manja awiri.

"Monire, amama. Mwayenda uli? Mutipeza tili makora, ŵana wose ŵalipo." Anavala chipewa, n'kumapita. Nkhani inathera pomwepo.

Madzulo amayi anakhala pamphasa, Esinati atatsamira pamiyendo pawo. Ine ndinkazungulirazungulira, kusowa poyambira. Iwo ndiwo anayamba.

"Akuti unandilira."

"Eya, amayi."

"Kunabwera anthu?"

"Dera lonse. Mpaka ena anagona kusukulu."

"Nyimbo anaimba bwino?"

"Anaimba mpaka kucha."

Anasisita mutu wa Esinati, n'kuseka pang'ono. "Ndiye ine ndadyeratu. Anzanga maliro awo sawamva n'komwe." Kenako anasiya kuseka. "Ukanasiya mwana uyu m'madzi pofuna kusunga ine, ndikanakukana. Koma mlongo wako wavulala mumtima. Ameneyo sadzaiwala."

Amayi anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, akulima okha. Atamwalira, uthenga unafikira kuofesi ya achimwene, monga mwa nthawi zonse. Iwo anakwera basi tsiku lomwelo. Ine ndinamva patapita sabata ziwiri, kwa mayi wina wa kwathu amene anandipepesa pamsika, akuganiza kuti ndikudziwa. Ndinapita kwa achimwene ndi dengu langa m'manja, n'kuwafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Iwe unalira kale," anatero.

Ndinabwerera kunyumba. Sindinaike manja kumutu, sindinakuwe pamsewu, chifukwa ndani akanabweranso? Esinati anali pakhonde, pa makina ake osokera opukusa ndi dzanja. Atandiona nkhope anasiya kusoka, anatenga ndodo zake, n'kulowa m'nyumba. Anayala mphasa yekha, n'kundikhazika. Maliro enieni a amayi tinalira anthu awiri, chitseko chili chotseka.